Tsiku limene azakhali anasowa pa intaneti

Azakhali anga ndi mphunzitsi pa yunivesite ina kuno ku Malawi, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuchita kafukufuku wa nsomba za m'nyanja yathu. Ukawafunsa za chambo, mbuna kapena usipa, uyambe wapeza pokhala chifukwa nkhaniyo sitha msanga. Koma Loweruka lina m'mawa anandiimbira foni ndi mawu ofooka, osati a masiku onse aja.

"Mwanawe, paja iwe umadziwa za makompyuta eti? Tabwera kuno, ine ndasowa."

"Mwasowa bwanji azakhali, si ndikulankhula nanu pano?"

"Pa intaneti. Anthu akundifuna koma sakundipeza."

Nditafika anandifotokozera zonse. Asayansi ena a kunja ankakonza kafukufuku wamkulu ndipo ankafuna munthu wogwira naye ntchito ku Malawi kuno. Anawerenga zimene azakhali analemba zaka zingapo zapitazo, anazikonda, n'kutsatira imelo ndi linki zimene zinali pa pepalalo. Tsoka ilo, zonse ziwiri zinali za kuyunivesite kumene azakhali ankagwira ntchito kale. Atachoka kumeneko imelo ija inatsekedwa, tsamba lawo n'kuchotsedwa. Anthu aja atadina linkiyo anangoona nambala 404. Pamene uthenga unkawapeza azakhali kudzera mwa mnzawo wina, miyezi iwiri inali itadutsa ndipo malo anali atapita kwa munthu wina. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti mu kafukufukuyo munali ndalama zolipirira ophunzira awiri, ndipo iwo anali nawo kale m'maganizo ana awiri akhama amene ankasowa owalipirira.

Ndiye anati akufuna webusaiti yawoyawo, imene sidzafa akadzasinthanso ntchito. Ine mopupuluma ndinati imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Inatitengera milungu itatu, ndipo nthawi yambiri inathera pa funso limodzi: timange ndi chiyani? Zimene ndinaphunzira pamenepo ndi zimene ndikufuna tigawane lero, chifukwa ena mwa inu mudzakhala madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi a kuyunivesite, ndipo tsiku lina anthu adzalemba dzina lanu pa Google.

Webusaiti ndi zinthu zitatu

Tisanapite patali, tiyeni timvetse chimene chimachitika ukatsegula tsamba pa foni. Webusaiti iliyonse ili ndi zinthu zitatu, ndipo anthu ambiri amavutika chifukwa amaziona ngati chinthu chimodzi.

Choyamba ndi mafayilo. Mawu a pa tsamba amalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa HTML, chimene chimanena kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, apa pali chithunzi, apa pali linki. Pali chinenero china, CSS, chimene chimayang'anira maonekedwe monga mitundu ndi kukula kwa zilembo. Ameneyu ndiye katundu wako.

Chachiwiri ndi kosungira katunduyo. Mafayilo aja amakhala pa kompyuta yotchedwa seva, imene siizimitsidwa usana ndi usiku ndipo imakhala pa intaneti nthawi zonse. Ntchito yobwereketsa malo pa seva imatchedwa hosting. Zili ngati nyumba ya lendi: katundu ndi wako, koma nyumba ndi ya eni.

Chachitatu ndi adiresi, imene amati domain. Makompyuta amapezana pogwiritsa ntchito manambala otchedwa IP address, koma palibe munthu angaloweze manambala a webusaiti iliyonse imene amaikonda. N'chifukwa chake mu 1983 Paul Mockapetris anayambitsa dongosolo lotchedwa DNS, limene limasandutsa dzina kukhala nambala. N'chimodzimodzi ndi mayina a m'foni mwanu: mumadina "Amayi", foni n'kuimba nambala yawo inu osaiganizira n'komwe. Dziko lililonse lili ndi mathero akeake a adiresi. Athu ndi .mw, a Zambia ndi .zm, a Mozambique ndi .mz, ndipo masukulu aukachenjede a kuno amagwiritsa ntchito .ac.mw.

Nanga 404 ija? Ukadina linki, pulogalamu yotsegulira intaneti monga Chrome imapempha seva kuti itumize tsamba lakutilakuti. Seva imayankha ndi nambala. Ikati 200 ndiye kuti zayenda bwino, ndipo nambala imeneyi simumaiona chifukwa tsamba limangotseguka. Ikati 404 ndiye kuti seva ilipo ndipo yamva, koma chimene mwapemphacho ilibe. Azakhali anali ndi katundu m'nyumba ya eni, pa adiresi ya eni. Atasamuka, zonse zitatu zinatsala komweko.

Chosangalatsa n'chakuti mawebusaiti anayambira kwa asayansi omwewa. Mu 1989 Tim Berners-Lee, amene ankagwira ntchito ku CERN, malo ochitira kafukufuku wa fizikisi pafupi ndi mzinda wa Geneva, anaona kuti zolemba za asayansi zinkasochera pa makompyuta osiyanasiyana, makamaka anthu akachoka pantchito. Anaganiza zolumikiza zolembazo ndi malinki. Webusaiti yoyamba, info.cern.ch, inatsegulidwa kwa anthu onse mu 1991, ndipo mu 1993 CERN inalola aliyense kugwiritsa ntchito lusoli kwaulere. Vuto la azakhali linali lomwe lija limene iye ankalimbana nalo.

Chomangira chimagwira ntchito yanji?

Kale munthu ankalemba HTML yekha mzere ndi mzere. Masiku ano pali mapulogalamu amene amakulembera. Iwe umangosankha maonekedwe, kulemba mawu ako, kuika zithunzi, pulogalamuyo n'kupanga mafayilo. Ambiri amakupatsanso malo pa seva komanso adiresi yaulere. Apa ndi pamene pafunika kutsegula maso, chifukwa adiresi yaulereyo imakhala ndi dzina la kampaniyo. Ukachoka, siupita nayo.

Zomangira zimenezi zimagwira ntchito m'njira ziwiri, ndipo kuti muzimvetse ganizirani za pamsika. Mayi wogulitsa mandasi amakhala atakazinga kale, ukafika amangotola n'kukupatsa. Mnyamata wa pachiwaya amayamba kukonza mbale yako iwe utafika: tchipisi ta zakuti, kabichi, tsabola pang'ono. Mawebusaiti ena ali ngati mandasi. Masamba ake amakhala okonzeka kale pa seva ndipo aliyense amalandira omwewo. Amenewa amati static. Ena ali ngati pachiwaya. Ukapempha tsamba, seva imapita kukatenga mawu ndi zithunzi mu database, n'kuzisonkhanitsa nthawi yomweyo. Amenewa amati dynamic. Facebook siingakhale ya mandasi chifukwa aliyense amaona zakezake. Koma tsamba la mphunzitsi wa kuyunivesite, limene limasintha mwina kanayi pa chaka, silifunika chiwaya chachikulu. Tsamba lokonzeka kale limatseguka msanga, ndipo lili ndi makomo ochepa amene akuba a pa intaneti angalowerepo.

Tinayesa zinayi

Tinayamba ndi Wix, kampani imene inayamba mu 2006 ku Israel. Kunena zoona, azakhali anaikonda atangoiona. Umakoka chithunzi ndi mausi n'kuchiika pamene ukufuna, ndipo maonekedwe ake ndi okongola. Koma pa pulani yaulere, pamwamba pa tsamba lako pamakhala uthenga wotsatsa malonda a kampaniyo, ndipo adiresi imakhala ndi mawu akuti wixsite.com. Kuti uchotse uthengawo n'kuika adiresi yakoyako uyenera kulipira. Chinanso, webusaiti yomangidwa pa Wix imakhala pa maseva a Wix basi. Sunganyamule yonse mmene ilili n'kukaiika kwina. Ukafuna kusamuka umakamanganso. Tinasuzumiranso Squarespace, imene ndi ya mtundu womwewu, koma ilibe pulani yaulere yokhalitsa, imangokupatsa masiku ochepa oyeserera. Imeneyo tinaisiya pomwepo.

Kenako WordPress. Pano ambiri amasokonezeka chifukwa pali zinthu ziwiri za dzina limodzi. WordPress yeniyeni ndi pulogalamu yaulere imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaitulutsa mu 2003, ndipo imapezeka pa wordpress.org. Aliyense angathe kuitenga n'kuiika pa seva imene wabwereka. Pamene wordpress.com ndi kampani imene imakusungira pulogalamuyo pa maseva ake. WordPress ndi yamphamvu, moti mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera yomweyi. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ungathe kutulutsa zolemba zako zonse mu fayilo imodzi n'kusamukira kwina. Koma ndi ya pachiwaya ija. Ukaiika pa seva yobwereka, iweyo ndiwe mlonda: pulogalamuyo ndi tizigawo take towonjezera, totchedwa ma plugin, zimafuna kukonzedwanso pafupipafupi, ndipo webusaiti yosiyidwa osaisamalira ndi imene akuba amailowerera mosavuta. Azakhali amatha milungu ali kunyanja. Ndani azilondera?

Yachitatu inali Google Sites, imene ilipo kuyambira 2008. Ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Google, siika malonda pa tsamba lako, ndipo kulembamo kuli ngati kulemba mu Google Docs. Maonekedwe osankhapo ndi ochepa, moti mawebusaiti ake amafanana ngati ana a sukulu atavala yunifolomu. Adiresi yaulere imayamba ndi sites.google.com, koma amalola kulumikiza adiresi yakoyako ngati unagula kwina.

Yachinayi ndi imene ine ndinkaifuna: GitHub Pages. GitHub ndi malo amene olemba mapulogalamu amasungirako ntchito zawo, ndipo amalola kuika webusaiti ya masamba okonzeka kale kwaulere. Umalemba mawu ako m'mafayilo wamba mwa kalembedwe kosavuta kotchedwa Markdown, pulogalamu yotchedwa Jekyll n'kuwasandutsa HTML. Asayansi ambiri amaikonda, ndipo pali maonekedwe okonzedwera iwowo, monga academicpages ndi al-folio. Mafayilo onse amakhalanso pa kompyuta yako, choncho ukafuna kusamuka umangonyamula. Ndinali nditagamula kale mumtima kuti titenga imeneyi. Ndivomere, mbali ina ndinkafuna azakhali aone kuti sukulu yanga sinapite pachabe.

Mafunso anayi

Azakhali ndi wasayansi, ndiye sanalole kuti tisankhe chifukwa cha kukongola kapena chifukwa choti ine ndanena. Anati timange tsamba limodzi lomwelo pa zomangira zonse zinayi, mawu omwewo, chithunzi chomwecho, kenako tiziyese. M'kalasi ya sayansi mumaphunzira zomwezi: posintha chinthu chimodzi, zina zonse zikhale chimodzimodzi, apo ayi simungadziwe chimene chabweretsa kusiyana. Tinalemba mafunso anayi pa pepala.

Funso loyamba: kodi litseguka pa foni yotchipa, netiweki ili yofooka? Owerenga tsamba la azakhali si maprofesa a ku Ulaya okha. Ambiri ndi ophunzira awo, amene amawerengera kambiri asanagule bandulo. Tinabwereka kafoni kakale ka msuweni wanga n'kuyesa tili kumudzi kumene netiweki imachita kusakidwa pachulu. Tsamba la GitHub Pages linatseguka msanga kuposa onse. Enawo anachedwerapo, koma anatseguka. Chimene tinatulukira n'chakuti cholemetsa kwambiri chinali chithunzi. Tiwerengere limodzi. Chithunzi chojambulidwa ndi foni yabwino chingathe kukhala 4 MB. Mukaika khumi zotere pa tsamba limodzi, wowerenga aliyense awononga 40 MB kuti angoliona. Mukazichepetsa kufika pa 150 KB chilichonse, zonse khumi ndi 1.5 MB yokha, ndipo pa sikirini ya foni kusiyana kwake sikuoneka n'komwe. Choncho musanadandaule za chomangira, yambani mwachepetsa zithunzi.

Funso lachiwiri: tilipira zingati, ndipo mu ndalama yanji? Makampani akunjawa amatchaja m'madola, ndipo amafuna khadi ya kubanki yotha kulipira kunja. Mtengo wa m'madola ukhoza kukhala womwewo chaka ndi chaka, koma m'makwacha ukukwera. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankalipira zinthu za pa intaneti m'madola anaimva. Webusaiti imene imadalira malipiro a mwezi ndi mwezi ikhoza kuzima chifukwa choti khadi yakana. Tinagwirizana kuti chinthu chokhacho choyenera kulipira ndi adiresi. Adiresi yothera ndi .com kapena .org nthawi zambiri imakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pa chaka. Dziwani kuti adiresi sagula mpaka kalekale. Amachita kubwereka, ngakhale kuti ungathe kulipiriratu zaka zingapo, mpaka khumi. Ukaiwala kulipira, pakapita nthawi wina aliyense akhoza kuitenga.

Funso lachitatu: tikafuna kuchoka, tinyamula chiyani? Ena amati kampani yaikulu siingatseke ntchito yake. Funsani amene anali ndi masamba pa GeoCities. Imeneyi inayamba mu 1994 ndipo anthu mamiliyoni anamangapo mawebusaiti aulere. Yahoo inaigula mu 1999, n'kuitseka mu October 2009, kupatula ya ku Japan imene inakhalapo mpaka 2019. Amene sanasunge mafayilo awo kwina anadalira anthu ongodzipereka amene anathamangira kukopera masamba ena isanatsekedwe. Pa funso ili GitHub Pages inapambananso, WordPress n'kutsatira.

Ndinayamba kumwetulira, chifukwa pa mafunso atatu chomangira changa chinali patsogolo. Kenako azakhali anawerenga funso lachinayi, limene analemba okha: kodi ndingathe kusintha tsambali ndekha, mwana uyu kulibe?

Anandiuza kuti ndikhale pakhonde ndisanene kanthu. Ntchito inali yowonjezera pepala limodzi latsopano pa mndandanda wa zolemba zawo. Pa Google Sites anamaliza tiyi wanga asanazizire. Pa Wix ndi WordPress anasochera pang'ono koma anafika. Pa GitHub Pages anafufuta mwangozi kachizindikiro kamodzi pamwamba pa fayilo, webusaiti yonse n'kukana kumangika, ndipo uthenga wofotokoza vutolo sanaumve ngakhale pang'ono. Patapita nthawi ndinamva akundiitana.

"Mwanawe, iweyo chaka chamawa ukhala uli kuti?"

"Sindikudziwa azakhali, mwina ku Lilongwe, mwina kunja."

"Ndiye ukufuna ndizikuimbira foni nthawi iliyonse ndikalemba pepala? Ndinasowa kale kamodzi chifukwa chodalira eni. Usandisowetsenso iwe."

Ndinalibe poyankha. Azakhali akanatha kuphunzira GitHub, munthu amene amawerengera nsomba ndi masamu ovuta sangalephere zimenezo. Koma nthawi yawo ili ndi ntchito zina, ndipo webusaiti imene mwini wake amaopa kuigwira imakalamba. Tsamba lonena kuti munthu akugwira ntchito kumene anachokako zaka zitatu zapitazo limasocheretsa anthu mofanana ndi 404.

Zimene tinachita

Tinasankha Google Sites, koma tinatseka mabowo ake awiri.

Bowo loyamba linali adiresi. Tinalembetsa domain ya dzina la azakhali, n'kuilumikiza ku tsambalo. Kulumikizako kumachitika mu DNS muja: umalemba kamzere kotchedwa CNAME konena kuti aliyense wofuna dzina ili apite ku seva yakutiyakuti. Zimatenga maola angapo, nthawi zina mpaka masiku awiri, kuti makompyuta a padziko lonse adziwe za kusinthako. Ubwino wake ndi wofanana ndi wa simu khadi. Foni ikawonongeka umagula ina n'kuikamo simu yomwe ija, ndipo okuimbira sadziwa n'komwe kuti wasintha foni. Azakhali akadzatopa ndi Google Sites, kapena Google ikadzasiya ntchitoyi, tidzamanga kwina n'kusintha kamzere kaja basi. Adiresi imene ili pa mapepala awo idzagwirabe ntchito. Polembetsa tinagwiritsa ntchito imelo yawoyawo, osati ya kuntchito, osatinso yanga. Tinaikanso chitetezo chofuna nambala yobwera pa foni kuwonjezera pa pasiwedi.

Bowo lachiwiri linali katundu. Mawu onse a pa webusaiti, zithunzi ndi mndandanda wa zolemba zili mu foda imodzi pa kompyuta yawo komanso pa fulashi. Lamulo ndi lakuti amayamba kusintha mu fodamo, kenako pa webusaiti. Mawu a tsamba lawo lakale lija tinawapeza pa Wayback Machine, nkhokwe ya bungwe la Internet Archive imene imasunga masamba mmene ankaonekera kale. Si tsamba lililonse limene limapezekamo, ife tinangochita mwayi.

Pa tsambalo tinaikapo zochepa. Chithunzi chimodzi chooneka bwino. Ndime ziwiri zofotokoza kuti iwo ndani ndipo amafufuza chiyani, m'mawu amene mwana wa Fomu 3 angamve. Mndandanda wa zolemba, maphunziro amene amaphunzitsa, CV, ndi imelo. Nambala ya foni ndi kumene amakhala sitinaike, ndipo mu CV tinachotsamo tsiku lobadwa, chifukwa zoterezi ndi zimene akuba amagwiritsa ntchito ponamizira kuti ndi iweyo.

Pa mapepala a kafukufuku tinasamala. Wasayansi akasindikiza pepala mu magazini ya sayansi, nthawi zambiri amasainirana pangano ndi osindikiza, ndipo ena salola kuti PDF yomalizidwa iikidwe poyera. Choncho pa mapepala otero tinangoika linki ya DOI. Imeneyi ndi nambala yapadera ya pepala lililonse, imayamba ndi 10 ndi kadontho, ndipo imakufikitsa pa pepalalo ngakhale osindikiza atasintha webusaiti yawo.

Anthu nawonso ali ndi nambala yotere. Taganizirani kuchuluka kwa a Banda ndi a Phiri m'dziko muno, kuphatikiza a ku Zambia. Pepala likalembedwa ndi "C. Banda", ndi Banda uti? Kuyambira 2012 pali ORCID, nambala yaulere ya wofufuza aliyense, ya zilembo 16 zogawidwa m'magulu anayi. Munthu amakhala nayo moyo wake wonse ngakhale asinthe ntchito, dziko kapena dzina. Okonda masamu, imvani izi: chilembo chomaliza chimawerengedwa kuchokera ku manambala 15 oyambawo. Ukalakwitsa nambala imodzi polemba, kompyuta imawerengera n'kuona kuti yankho silikugwirizana. Yankho likakhala 10 amalemba X, n'chifukwa chake ma ORCID ena amathera ndi X. Azakhali anali nayo kale nambalayi koma anali asanalembemo chilichonse. Tinaidzaza, tinakonzanso mbiri yawo pa Google Scholar, n'kuika adiresi yatsopano ija monsemo. Malinki amenewa ndi ofunika chifukwa Google imapeza masamba atsopano potsatira malinki ochokera ku masamba amene ikuwadziwa kale. Tsamba lopanda linki yolozako lili ngati nyumba yopanda njira. Patapita milungu ingapo, polemba dzina lawo ndi mawu akuti nsomba m'Chingelezi, tsambalo linayamba kubwera.

Yesani nokha

Simukufunika kudikira digiri kuti muyambe. Mukapeza mpata mu labu ya makompyuta kusukulu kwanu, yesani zitatu izi.

Tsegulani info.cern.ch ndipo tsatirani linki yopita ku webusaiti yoyamba ija. Mulibe chithunzi ngakhale chimodzi, ndi mawu ndi malinki basi. Onani mmene ikutsegukira msanga.

Pa tsamba lililonse, dinani Ctrl ndi U nthawi imodzi mu Chrome kapena Firefox. Muona HTML imene ili kuseri kwa tsambalo. Yerekezani ya webusaiti yoyamba ija ndi ya nyuzipepala iliyonse ya masiku ano, muone kutalika kwake.

Tsegulani Notepad, lembani chiganizo chimodzi chonena za inu, n'kusunga fayiloyo ndi dzina lakuti moni.html. Mukaidina itseguka ngati tsamba la pa intaneti. Pamenepo muli ndi chinthu choyamba pa zitatu zija. Palibe wina angalione chifukwa lilibe seva ndi adiresi, komatu katundu ndi wanu. Pa msinkhu wanu ndi bwino lithere pomwepo. Musaike poyera dzina la sukulu yanu, nambala ya foni kapena kumene mumakhala, ndipo musanatsegule akaunti iliyonse funsani makolo kapena aphunzitsi.

Ngati m'banja mwanu muli mphunzitsi, namwino kapena wofufuza amene akufuna webusaiti ndipo wakupemphani thandizo, musathamangire chomangira chimene inuyo mukufuna kuonetsera luso. Kwa wina yankho lidzakhala WordPress chifukwa amalemba nkhani mlungu uliwonse. Kwa wina lidzakhala GitHub Pages chifukwa amalemba kale mapulogalamu. Mufunseni mafunso anayi aja, ndipo onetsetsani kuti adiresi ili m'dzina lake ndipo mafayilo ali m'manja mwake.

Mwezi watha azakhali anandiimbiranso. Ndinaganiza kuti china chawonongeka, koma ankangondiuza kuti awonjezera okha tsamba la ophunzira awo, ndi zithunzi za kunyanja zimene anachepetsa okha. Anandifunsanso tsiku lolipirira adiresi. Ndinawauza kuti lili mu kalendala ya pa foni yawo. Anati foni ikhoza kugwera m'madzi, ndiye alilemba ndi cholembera chofiira pa kalendala ya pakhoma kukhitchini.